Kubwezeretsa RAID 0 popanda kutaya mafayilo kumafuna kudekha

Kompyuta yosunga mafayilo m'njira ya RAID 0 ikhoza kusinthidwa motherboard kapena controller popanda kutaya kanthu, bola madisiki onse akhale amoyo ndipo wokonzayo asapupulume.

RAID ndi njira yolumikiza madisiki angapo kuti azigwira ntchito ngati disiki imodzi. Dzinali linatchuka m'chaka cha 1988 kudzera mu kafukufuku wa David Patterson, Garth Gibson ndi Randy Katz a ku University of California, Berkeley, m'dziko la America.

Mu RAID 0, fayilo imadulidwa m'tizidutswa, mwachitsanzo ta 64 KB kapena 128 KB, tomwe timalembedwa mosinthanasinthana: koyamba pa disiki yoyamba, kachiwiri pa yachiwiri. Izi zimafulumizitsa kompyuta, koma fayilo yaikulu sikhala yathunthu pa disiki iliyonse. N'chifukwa chake disiki imodzi ikafa, kuika yatsopano sikubwezeretsa chilichonse, kusiyana ndi RAID 1 kapena RAID 5.

Koma chomwe chafa chikakhala controller, mafayilo amakhala akadalipo. Makina ambiri amalembanso pa madisiki omwewo ndondomeko ya madisikiwo komanso kukula kwa tizidutswa tija, ndipo chipangizo chatsopano chimangofunika kuwerenga zimenezi.

Asanazule chilichonse, wokonza ayenera kulemba nambala pa disiki iliyonse ndi chingwe chake, kenako n'kukopera disiki iliyonse yathunthu pa ina pogwiritsa ntchito pulogalamu ngati ddrescue. Controller yatsopano ikhale ya kampani ndi mtundu wofanana ndi yakale, poti makampani salemba ndondomekoyi mofanana.

Pa motherboard za Intel, malo a SATA mu BIOS atcheredwe pa RAID osati AHCI. Pa maseva a Dell okhala ndi PERC, asankhe Import pa Foreign Configuration osati Clear. Pa Linux, lamulo loyenera ndi mdadm --assemble osati mdadm --create.

Ngozi yaikulu imadza kompyuta ikalephera kuzindikira madisikiwo n'kupempha Initialize kapena Format. Kuvomera pempholi kumalemba zatsopano pamwamba pa zakale, ndipo kupulumutsa mafayilo kumavuta kwambiri.

Popeza RAID 0 siteteza mafayilo, maofesi ndi mabungwe omwe amaigwiritsa ntchito ayenera kusunganso zolemba zawo zofunika pamalo ena nthawi zonse.