Poizoni wa m'nkhono za m'nyanja: amamupeza bwanji?

Alimi anzanga, sabata ino ndikutengerani kutali, ku Canada, komwe anthu amaweta nkhono za m'nyanja ya mchere zotchedwa mussels. Amazikoloweka pazingwe m'madzi, zikakula n'kukolola. Kumeneko ndi ulimi ndithu ngati wathu wa fodya.

Kumapeto kwa chaka cha 1987, anthu opitirira 100 anadwala atadya nkhono zochokera pachilumba cha Prince Edward Island. Ankasanza ndi kutsegula m'mimba, ena mutu unasokonezeka moti ankaiwala zomwe zachitika kumene. Angapo anamwalira. Nkhonozo zinali zabwinobwino, zosanunkha, ndipo anaziphika. Poizoni wake safa ndi moto.

Gwero lake ndi ndere zing'onozing'ono zosaoneka ndi maso. Nkhono zimadya posefa madzi, tsono ndere zapoizoni zikachulukana, poizoniyo amaunjikana m'thupi mwa nkhono, iyo osafa. Wofa ndi wodya.

Njira yakale yoyezera inali ya mbewa, zomwe kwathu kuno ndi ndiwo. Amapera nyama ya nkhono, kuiwiritsa mu asidi, kenaka msuziwo kuubaya m'mimba mwa mbewa yolemera magalamu 20. Woyeza amakhala ndi wotchi m'manja. Mbewa ikafa msanga ndiye kuti poizoni ngwambiri. Njirayi inapangidwira poizoni wina, saxitoxin, amene amaumitsa ziwalo, koma mbewa za mu 1987 zinaonetsa zachilendo: zinkangodzikanda m'mapewa ndi miyendo yakumbuyo. Apa akatswiri anadziwa kuti akumana ndi chinthu china.

A bungwe la National Research Council ku Halifax anagawa msuziwo m'zigawozigawo, chilichonse n'kuyesa pa mbewa, kutaya zopanda vuto, mpaka kutsala ndi chimodzi. Pamasiku anayi okha analipeza dzina: domoic acid. Chodabwitsa n'chakuti ku Japan ankamudziwa kale kuchokera ku zomera za m'nyanja zimene anthu ankamwa pofuna kupha njoka za m'mimba.

Mbewa ili ndi vuto lake. Imafa koma siyinena chimene chaipha, ndipo poizoni uyu akakhala wochepa siyionetsa kanthu. N'chifukwa chake lero malabotale ambiri amadalira makina. Msuzi wa nkhono amaukankha m'kapaipi kodzaza ndi timibulu, ndipo mankhwala aliwonse amatuluka panthawi yakeyake, ngati mpikisano wothamanga. Makinawo amayerekeza ndi poizoni wodziwika kale muyezo wake n'kupereka nambala. Kwa ine nambala imeneyi ndiyo yateteza mlimi, chifukwa palibenso zokangana ndi wogula. Domoic acid akafika pa mamiligalamu 20 pa kilogalamu imodzi ya nyama, boma limatseka malowo. Malire a saxitoxin ndi ochepetsetsa, 0.8 basi.

Kutseka kumapweteka, poti ngongole siyidikira. Komabe nderezo zikatha, nkhono zimadzitsuka zokha m'madzi abwino, ndipo a labotale akayeza mobwerezabwereza n'kupeza kuti nambala yatsika, alimi amayambanso kukolola. Apa ndi pomwe anzathuwa amatiposa mwayi. Ifenso tili ndi poizoni wosaoneka, aflatoxin, wochokera ku chuku cha mu mtedza ndi chimanga, ndipo nayenso amapezeka poyeza ku labotale. Koma iye akangolowa m'thumba la mtedza, ngakhale mudikire miyezi ingati, satuluka.