Kodi mumadziwa? Masiku a wailesi ya sefuliya ku Angónia

Kodi mumadziwa kuti m'zaka za m'ma 1950 munthu wa ku Angónia wofuna kumva Chinyanja pa wailesi ankatchera khutu ku Lusaka, osati ku Lourenço Marques, likulu la dziko lake lomwe? Rádio Clube de Moçambique inkalankhula Chipwitikizi, ndipo mbali yake ina, LM Radio, inkasangalatsa Azungu a ku South Africa m'Chingerezi ndi Chibunu. Pologalamu ya m'chilankhulo cha anthu akuda, Hora Nativa, inayamba mu 1958, nayonso m'Chironga cha kum'mwera. Mngoni wa ku Dómuè akanatolamo chiyani?

Kodi mumadziwa kuti wailesi ya ku Lusaka inabadwa ndi nkhondo? Inayamba mu 1941 kuti mabanja azimva za asilikali awo. Nkhondo itatha inakula n'kukhala Central African Broadcasting Station, youlutsira anthu a ku Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland m'Chinyanja, Chibemba, Chitonga, Chilozi, Chishona ndi Chindebele. Angónia sinali m'gulu la maiko atatuwo, koma mawu a mumlengalenga safunsa chitupa pamalire: amene ankatsikira ku Dedza ndi Ntcheu ankatsikiranso ku Vila Coutinho, Ulónguè wa lero.

Kodi mumadziwa kuti wailesi ya anthu wamba inali sefuliya? Saucepan Special inatuluka mu 1949, Harry Franklin, mkulu wa zofalitsa nkhani ku Lusaka, atanyengerera kampani ya mabatire ya Ever Ready ku Britain kuti ipange wailesi yotsika mtengo. A kampaniyo anaika zipangizo m'chitsulo chozungulira cha sefuliya yopanda chogwirira, n'kuipaka utoto wabuluu, ndipo mabowo ake anawatchinga ndi kaneti kuti mphemvu ndi tizilombo tina tisamangemo nyumba. Mtengo wake unali mapaundi 5, batire lake mashilingi 25. Zinali ndalama ndithu, za munthu wolandira malipiro kumigodi kapena m'mafamu a fodya a ku Southern Rhodesia, kumene amuna ambiri a ku Angónia ankapita kukagwira ntchito.

Nanga tsiku la pa wailesipo linkadzaza ndi chiyani? Nkhani, malangizo a zaulimi ndi zaumoyo, masewero, ndi nyimbo zimene antchito a wailesi ankakajambula m'midzi ndi galimoto. Koma pologalamu imene inkasonkhanitsa anthu inali Zimene Mwatifunsa. Omvera ankalemba makalata kupempha nyimbo ndi kupereka moni, wina kwa mkazi wake amene anamusiya kumudzi, wina kulengeza kuti kwabadwa mwana. Boma linkafuna kuphunzitsa, anthu ankafuna kumva dzina lawo likutchulidwa, ndipo ine ndikuti anthuwo ndiwo anaimvetsa bwino ntchito ya wailesi. Pakati pa nyimbo zopemphedwa kwambiri panali za Jimmie Rodgers wa ku America, amene anali atamwalira kale mu 1933.

Kodi mumadziwa kuti katswiri wa wailesiyi anali msilikali wakale? Alick Nkhata, wobadwa mu 1922, anakamenya nkhondo ku Burma, atabwerako anagwirako ntchito yojambula nyimbo ndi Hugh Tracey, kenako anakhala muulutsi ndi woimba gitala, m'Chinyanja ndi Chibemba momwe. Pa nthawi ya mkangano wa Chitaganya cha maiko atatu aja, chimene chinakhazikitsidwa mu 1953, kunabuka mphekesera zoti ogwira ntchito pa wailesiyi ndi anamapopa, ndipo naye Nkhata zinamugwera. Mzungu amene ankagwira naye ntchito, Peter Fraenkel, anazilemba m'buku lake la mu 1959, Wayaleshi.

Pambuyo pake kunabwera mawailesi ena: MBC ya ku Malawi inayamba mu 1964, Rádio Moçambique mu 1975. Lero nthambi ya Rádio Moçambique ya ku Tete imaulutsa m'Chinyanja, Chinyungwe ndi Chisena, pambali pa Chipwitikizi.