KUJAMBULA MUIMBA KUTHENGO

Kodi inu owerenga munayamba mwauona muimba pafupi? Ambiri mudzati, "Ha! Chimbalame chodya zovunda chija, ndani angataye nacho nthawi?" Komatu alipo anthu amene amalawirira ndi kamera kunka ku Liwonde kapena ku Majete kukadikira mbalame yomweyi.

Ku Liwonde miimba inasowa zaka zambiri. Inayamba kuonekanso m'chaka cha 2017, atabweretsako nyama zaliwiro zija zotchedwa cheetah, ndipo mu 2018 anabweretsanso mikango. Pamene pali zilombo zogwira nyama sipalephera kukhala zotsala, ndipo zotsalazo ndiye phwando la muimba.

Tsono ngati mufuna chithunzi chabwino, tamverani. Muimba ndi wolemera, sukonda kukupiza mapiko. Umadikira kuti dzuwa litenthe nthaka, mpweya wofunda uukweze m'mwamba. Chifukwa chake m'mawa mudzaupeza pamtengo wouma, khosi utalibisa m'mapewa, uli zyoli ngati nkhalamba pamaliro. Nthawi yake ndi imeneyo. Dzuwa likhale kumbuyo kwanu, ndipo dikirani kufikira utatembenuza mutu kuti diso liwale. Diso likakhala mumdima, chithunzi nacho chafa. Mtima wa mbalame umaonekera m'diso ndi m'kakhalidwe ka khosi: ukalitambasula ndiye kuti wachenjera, ukaligwetsa pansi, mapiko uli tambalale, ndiye kuti wafuna ndewu.

Musauthamangire. Muimba ukadzidzimuka umasanza zimene wadya kenaka n'kuuluka, ndipo inu mwaumana chakudya chimene unachivutikira. Ndiponso m'nkhalango za Boma musatsike m'galimoto popanda mlonda, pakuti mwini nyamayo angakhale ali gone patchire pomwepo.

Pa nyama yakufa ndiye pali zoona. Miimba ya msana woyera imalimbana, kupondana, fumbi lili koboo. Koma ukatera wamkulu uja wa mutu wofiira wamakwinya, inzake imapatuka monga achitira anyamata mfumu ikafika pabwalo. Iwo ndiwo uli ndi mlomo wong'amba chikopa cholimba. Kumbali kumakhala wamng'ono wa mlomo wowonda, kudikira nyenyeswa. Ife tiona ngati chithunzi cha wamng'onoyu chimaposa cha ndewu, chifukwa aliyense amene anakhalapo kumapeto kwa mphasa pakudya adzachimvetsa. Ikatha kudya, miimba imakasamba kumadzi ndi kuyanika mapiko padzuwa. Amene amaitcha yauve sanaionepo ikusamba.

Nanga inu alimi zikukukhudzani bwanji? Mimba ya muimba imapha tizilombo ta matenda oopsa a ziweto monga anthrax. Ku India, m'zaka za m'ma 1990, miimba inatsala pang'ono kutheratu chifukwa cha mankhwala a ng'ombe otchedwa diclofenac, amene Boma la kumeneko linawaletsa kwa ziweto mu 2006. Mitembo ya ng'ombe inangovunda pamtunda, agalu osowa mwini anachuluka, ndipo agalu otero ndiwo amawanditsa chiwewe. Kuno ku Africa mdani wamkulu ndi poizoni. Mu 2019 ku Botswana miimba 537 inafa itadya njovu zitatu zothiridwa poizoni. Nayenso munthu wothira mankhwala pa mbuzi yakufa kuti aphe fisi amapha miimba yosalakwa, pamene muimba umaikira dzira limodzi lokha pachaka.

Anthu ofufuza za mbalame amamanga tizikwangwani ta manambala pa mapiko a miimba ina kuti adziwe kumene imayenda. Mukauona wotero, ujambuleni ngakhale ndi foni, nambala ioneke, ndipo mukaonetse alonda a nkhalango, muwauze malo ndi tsiku. Koma mukapeza miimba yambiri itafera pamodzi, jambulani muli chapatali. Musaikhudze, ana ndi agalu asayandikire, ndipo kauzeni amfumu ndi alangizi a ziweto tsiku lomwelo.