Nyengo Isamutsa Munthu, Munthu Asintha Nyengo

M'mwezi wa Marichi chaka cha 2023, namondwe wotchedwa Freddy atagwetsa mvula yosalekeza, matope ndi miyala zidatsika m'phiri la Soche mumzinda wa Blantyre ndi kukwirira nyumba ku Chilobwe. M'dziko muno anthu oposa 500,000 adasowa pogona. Tsono tidzifunse: kodi anthu amafika bwanji pomanga nyumba m'mbali mwa phiri?

Ena adabadwira komweko, ena adadza kudzafuna ntchito, koma enanso amathawa nyengo kumudzi. Utsi wa malasha, mafuta ndi nkhuni umachulukitsa mpweya wa carbon dioxide, umene umatsekereza kutentha mlengalenga monga bulangeti. Dziko likatentha, nyanja zazikulu zimatulutsa nthunzi yambiri, mvula nkumagwa mwaukali; zaka zina imadula chimanga chisanakhwime. Mlimi wa ku Nsanje amene munda wake udakokoloka ndi chigumula cha 2015, kapena msodzi wa ku Kachulu amene adaona Nyanja ya Chilwa ikuphwa mu 1995 ndi mu 2018, akataya mtima amamanga katundu kulowera kutauni.

Kutauniko mlendo alibe ndalama zogulira malo abwino, choncho amamanga pamene anzake adakana, pamtsetse kapena m'khwawa. Pophika amadalira makala, monga achitira mabanja ambiri amumzinda, ndipo mzinda ukamakula nkhalango za ku Neno ndi Mwanza zimanka ziperepeseka. Mtengo wamoyo umayamwa mpweya uja. Ukaotchedwa umaubweza kumwamba. Phirinso likameteka, monga lidachitira la Ndirande, nthaka imasowa mizu yoigwira. Akuluakulu adati madzi saiwala khwawa: tsiku lina amabwera kudzafuna njira yawo, napeza ana ali m'tulo.

Tisamuweruze wosamukayo. Utsi wochuluka umene watenthetsa dziko udachokera ku maiko a mafakitale, ndipo iye wangothirapo kadontho. Komabe mtengo umene ukugwa m'phiri lathu ukugwa ndi nkhwangwa yathu.

Inu amene mwatsiriza sukulu, posachedwa mudzasankha kukhala kumudzi kapena kupita kutauni. Mukatsala, samalani madambo ndi magombe a mitsinje kuti munda uzikudyetsani. Mukapita, musanaumbe njerwa funsani eni dera kumene madzi amadzera. Nanu aphunzitsi, pophunzitsa za nyengo tulukani ndi ana panja, muwalozere phiri limene lili kuseri kwa sukulu.