Jini MECP2 ndi Puloteni MeCP2: Kalembedwe ndi Kamasuliridwe Kake

Pakati pa mayina asayansi amene amasokoneza olemba ndi akonzi pali aŵiri ofanana kwambiri, MECP2 ndi MeCP2. Loyambalo limalembedwa ndi zilembo zazikulu zokhazokha, ndipo posindikiza zilembozo zimakhala zopendekeka. Limeneli ndi dzina la jini ya munthu yopezeka pa kromozomu X. Lachiŵirilo, lokhala ndi e wamng'ono, ndi dzina la puloteni imene thupi limapanga potsata malangizo a jiniyo. Mkonzi wofananiza zilembozi, poyesa kuti akukonza cholakwa, amasandutsa zinthu ziŵiri kukhala chimodzi.

Puloteniyi idapezeka m'chaka cha 1992 ndi gulu la Adrian Bird, ndipo imachuluka kwambiri mu ubongo. Ntchito yake ndi kuzindikira tizizindikiro totchedwa methyl timene timamatirira pa DNA. Tizizindikiroti sitisintha malangizo olembedwa m'jini ayi, koma timathandiza kuti jini ina igwire ntchito pamene ina ili chete. Maphunziro a zimenezi amatchedwa epigenetics, dzina limene Conrad Waddington adalipeka m'chaka cha 1942. Mphatikiram'mbuyo epi ndi wa Chigiriki ndipo amatanthauza "pamwamba pa". Choncho kumasulira dzinali kuti "kusintha chibadwa" nkusocheretsa oŵerenga. Mawu oyenera ndi "kayendetsedwe ka majini", pakuti jini imakhalabe momwe idaliri.

Mawu akuti "kusintha kwa jini" asungidwire pamene malangizo enieniwo aonongeka. Izi ndizo zimachitika pa matenda a Rett, amene Andreas Rett wa ku Vienna adaŵafotokoza m'chaka cha 1966. M'chaka cha 1999, gulu la Huda Zoghbi ku Houston lidapeza kuti gwero lake ndi kuonongeka kwa MECP2. Matendaŵa amagwira makamaka atsikana, pafupifupi mmodzi mwa 10,000 alionse. Mwana amakula bwino kwa miyezi 6 mpaka 18, kenaka amayamba kulephera kulankhula ndi kugwiritsa ntchito manja.

Pano napo womasulira asamale. Ngakhale vutoli lili m'jini, nkulakwa kulitcha "matenda akumtundu", chifukwa pafupifupi mwa ana onse odwala chilemacho chimangoyamba chokha, makolo alibe. Mawu akuti "akumtundu" amachititsa kuti akuchimuna ndi akuchikazi alozane zala pa chinthu chimene palibe adachititsa. Mphunzitsi kapena mlembi akanena kuti "matenda obwera chifukwa cha kuonongeka kwa jini" wanena zoona, ndipo sadaipitse mbiri ya mtundu wa munthu aliyense.