Chometera cha Lezala Limodzi ndi Zimene Zimakhumudwitsa Ogula ku Kafue

Tauni ya Kafue, yomwe ili pa mtunda wa makilomita oposa 40 kumwera kwa Lusaka m'mbali mwa mtsinje wa dzina lomwelo, inakula ndi njanji komanso mafakitale, monga ya feteleza ya Nitrogen Chemicals of Zambia, ya nsalu ya Kafue Textiles ndiponso, pambuyo pake, yosungunula zitsulo. Kumene kuli anthu apantchito, aphunzitsi, apolisi ndi ena amene amalawirira minibasi yopita ku Lusaka, kumeta ndevu ndi gawo la kukonzekera tsiku, ndipo kwa zaka zambiri ntchitoyi yakhala m'manja mwa mababashopu a ku Kafue Estates, ku Shikoswe ndi ku Zambia Compound, amene amadalira makina amagetsi. Chilala cha 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza mu February kuti ndi tsoka logwera dziko lonse, chinachepetsa madzi ku damu la Kariba mpaka kampani ya magetsi ya ZESCO inayamba kuzimitsa magetsi kwa maola ochuluka tsiku lililonse, ndipo Kafue sanapulumuke ngakhale kuti malo opangira magetsi a Kafue Gorge ali kumunsi kwa mtsinje womwewo. M'nyengo yotere chida chometera chosalira magetsi chimakopa maso, koma si onse amene amachigula n'kukhutira nacho.

Chida chimenechi, chomwe amalonda amachitcha safety razor, chili ndi chogwirira ndi mutu wa zigawo ziwiri zimene zimapana lezala lakuthwa konsekonse, lomwe lija limagulitsidwa limodzilimodzi pa kantemba. Chigawo cham'munsi chili ndi kachitsulo kotchinga kamene kamatsogola pakhungu kuti lezala lisalowe mkati, ndipo chapamwamba chimapinda lezalalo pang'ono kuti liwume ndi kuloza bwino. Dzina la chidachi linayamba kumveka cha m'ma 1880 ndi abale a banja la Kampfe ku New York, koma amene anachifalitsa ndi King Camp Gillette, yemwe analandira chiphaso cha umwini wa luso lake mu 1904. Nzeru yake inali yakuti lezala likhale lopyapyala ndi lotsika mtengo, lotaya likabuntha m'malo molinola. Mu 1903 kampani yake inagulitsa zometera 51 zokha ndi malezala 168, koma chaka chotsatira zometerazo zinapitirira 90,000, ndipo pa nkhondo yoyamba yapadziko lonse boma la America linagulira asilikali ake mamiliyoni a zida zimenezi. Mu 1962 kampani ya Wilkinson Sword ya ku Britain inatulutsa malezala a chitsulo chosachita dzimbiri, kenaka mu 1971 Gillette inabweretsa Trac II ya malezala awiri omatidwa m'kamutu ka pulasitiki, ndipo mu 1975 kampani ya Bic inayamba kugulitsa zometera zotaya zathunthu. Kuyambira pamenepo chometera chachitsulo chinayamba kuoneka chachikale, kufikira pamene kukwera mtengo kwa timitu tapulasitiki kunachititsa anthu ena kuchikumbukiranso.

Kukhumudwa koyamba kumachokera ku chinthu chimene wogula sangachione pa chithunzi kapena kunja kwa katoni, chomwe ndi kakhalidwe ka lezala m'mutumo. Pali miyeso iwiri yofunika: mpata wa pakati pa lezala ndi kachitsulo kotchinga, ndiponso kutalika kwa msonga ya lezala imene yatulukira kunja. Miyeso yonseyi ndi ya tizigawo ta milimita, komabe ndi imene imasiyanitsa chometera chaukali, chimene chimalusa pakhungu, ndi chofatsa, chimene chimadutsa pamwamba pa ndevu zolimba osazidula. Zometera zina zodziwika, monga Merkur 34C ya ku Solingen ku Germany ndi Edwin Jagger DE89 ya ku Sheffield, zili m'gulu la zofatsirapo, pamene Mühle R41, imene ili ndi mano ngati a chipeso m'malo mwa kachitsulo kosalala, imadziwika ndi ukali. Munthu wongoyamba kumene akagula chaukali amadzicheka tsiku loyamba, ndipo wa ndevu zothithikana akagula chofatsa kwambiri amabwereza malo amodzi kasanu mpaka khungu kuyamba kuwotcha. Onse awiri amati chidacho n'chachabechabe, pamene vuto n'lakuti sichinagwirizane ndi nkhope yawo.

Palinso zometera zimene n'zachabechabedi. Zambiri zotsika mtengo, ngakhalenso zina zodula, sizisulidwa ndi mkuwa kapena chitsulo chosachita dzimbiri koma zimaumbidwa m'chikombole ndi zamak, msanganizo wa zinki, aluminiyamu, magineziyamu ndi kopa, kenaka n'kukutidwa ndi chrome yonyezimira. Zamak amaumbika mosavuta koma ndi wosapirira: chometera chikagwera pa simenti ya m'bafa, kabawuti kolumikiza mutu ndi chogwirira kamatha kuthyoka, ndipo chrome ikangokalika madzi amalowa n'kuyamba kudya chitsulo cham'kati mpaka mazinga, ndiko kuti mizere yopoterapo, atatha. Choipa koposa ndi mutu woumbidwa mosalabadira, umene timatumphu take togwira lezala timakhala tating'ono kuposa mabowo ake. Lezala limagwedera, n'kutulukira kwambiri mbali imodzi ndi kubisala mbali inayo, kotero kuti chida chimodzi chimakhala chaukali kumanja koma chobuntha kumanzere. Kulemera ndi kunyezimira kumene kumakopa wogula m'sitolo sikunena kanthu za zimenezi.

Malezala nawo amasiyana kuposa mmene anthu ambiri amaganizira, ngakhale kuti onse ali ndi maonekedwe amodzi ndipo amalowa m'chometera chilichonse. Feather ya ku Japan ndi yakuthwa koopsa, pamene Minora, imene yadziwika kwa nthawi yaitali kumwera kwa Africa, Super-Max ya ku India ndi Dorco ya ku South Korea iliyonse ili ndi kathwedwe ndi kakutidwe kake. Lezala limene limaikidwa m'katoni ngati mphatso kawirikawiri silikhala labwino, ndipo zometera zambiri zaweruzidwa molakwa chifukwa cha lezala limodzi lokhalo.

Nkhani yaikulu, imene mabuku ndi mafilimu ambiri ophunzitsa kameteredwe kameneka saifotokoza mokwanira chifukwa amapangidwira anthu a tsitsi lowongoka, ndi ya khungu ndi ndevu za munthu wakuda. Tsitsi lopotana limamera kuchokera m'kadzenje kokhota, choncho likatuluka silipita molunjika koma limapinda kubwerera kukhungu. Lezala likalidula limasiya msonga yosongoka, ndipo msongayo ikamakula imabaya khungu n'kulowanso mkati. Pena, ngati tsitsilo ladulidwira pansi penipeni, limabowola khoma la kadzenje kake lisanatulukire n'komwe. Thupi limalilandira monga mmene limalandirira munga, potupa ndi kusonkhanitsa mafinya, ndipo zotsatira zake ndi tiziphuphu toyabwa tam'khosi ndi m'chibwano timene madokotala amatitcha pseudofolliculitis barbae. Tikapola timasiya madontho akuda, ndipo kwa ena timasanduka zipsera zotukuka zovuta kuchiza. Vutoli n'lodziwika kwambiri moti kwa zaka zambiri asilikali a ku America amene ali nalo ankapatsidwa chilolezo cha dokotala choti asamete ndevu.

Apa ndi pamene chometera cha lezala limodzi chimapezera mbiri yake, ndipo mbiriyo ili ndi maziko. Zometera za malezala angapo zinapangidwa kuti lezala loyamba likoke tsitsi pang'ono ndipo lotsatira lilidule lisanabwerere, zomwe zimasiya msonga pansi pa khungu, malo enieni amene wa ndevu zopotana sayenera kuisiya. Lezala limodzi limadula tsitsi molingana ndi khungu, ndipo kwa ambiri tiziphuphu timachepadi. Koma wogula amene wamva kuti chidachi chimameta kuti see, osasiya kanthu kogwirika, amachigwiritsa ntchito mofunafuna kusalala kumeneko: amakoka khungu ndi zala, amameta mobwerera molimbana ndi kumene ndevu zagonera, n'kubwereza katatu. Akatero amadzipangira yekha zomwe ankathawa ku malezala angapo, ndipo pakangopita masiku ochepa khosi limadzala nsungu kuposa kale. Kunena mosabisa, kusalala kotheratu kumene otsatsa malonda amaonetsa si muyeso woyenera ndevu zopotana, ndipo akatswiri a matenda apakhungu amalangiza odwala tiziphuphu timeneti kuti azisiya tsitsi lotalika pafupifupi milimita imodzi, kapena ayambe asiya kumeta kwa milungu ingapo kuti khungu lipole. Kwa munthu wotere makina a kubabashopu ndi abwino kuposa chometera chilichonse chodula, ndipo magetsi akavuta njira yanzeru ndi makina a batire.

Dzanja nalo liyenera kuphunzira. Timitu tapulasitiki timapindika tokha kutsata nkhope ndipo timalola kukanikiza, pamene mutu wachitsulo supindika, kotero wometa ndiye amasunga kapendekedwe ka madigiri pafupifupi 30 pakati pa lezala ndi khungu. Njira yake ndi kugoneka nsonga ya mutu patsaya, chogwirira chitaloza kumbali, kenaka kutsitsa chogwiriracho pang'onopang'ono mpaka lezala litayamba kugwira ndevu ndi kumveka kuti tsetsetse, n'kumakoka timizere tifupitifupi, kulola kulemera kwa chidacho kugwira ntchito. Ndevu ziyenera kuyamba zanyowa ndi madzi ofunda kwa mphindi zingapo, chifukwa tsitsi lomwa madzi limafewa ndi kudulika mosavuta, n'chifukwa chake nthawi yabwino ndi pongotuluka m'bafa. Sopo wochapira zovala amaumitsa khungu ndipo thovu lake limaphwa msanga, ndipo madzi a m'mijigo ina yokumbidwa pa miyala ya laimu, monga yambiri ya ku Lusaka, amakana thovu ngakhale sopo atakhala wabwino. Spiriti imene amapaka kubabashopu imapha tizilombo, koma kuluma kwake pakhungu lokalika ndi chizindikiro chakuti lezala ladya khungu, osati kuti kumetako kwatheka.

Kumeta ndi lezala si chinthu chachilendo kwa Achewa ndi anansi awo, pakuti lumo losulidwa ndi amisiri a kumudzi linkameta mitu pamwambo wa kumeta pambuyo pa maliro ndiponso linkatemera mphini, ndipo lezala lakusitolo linangolowa m'malo mwake. Chimene chinasintha n'chakuti tsopano zikudziwika kuti lezala lobwerekana limatha kufalitsa matenda oyenda m'magazi, makamaka a chiwindi a hepatitis B ndi C, choncho kutsika mtengo kwa malezalawa kuli ndi phindu lina lakuti palibe chifukwa choti abale awiri azimetera limodzi.

Pa za chitetezo cha wogula, dziko la Zambia lili ndi lamulo la 2010 la Competition and Consumer Protection Act, limene bungwe la Competition and Consumer Protection Commission limayang'anira, ndipo lamuloli limaletsa kugulitsa katundu wowonongeka kapena wosagwira ntchito imene anapangidwira, komanso limaletsa zikwangwani zonena kuti katundu akagulidwa sabwezedwa. Mutu wokhota kapena mazinga okana kumanga ndi zifukwa zomveka zobwezera, koma chometera cholungama chimene changokhala chaukali pa nkhope ya wina sichili m'gulu limenelo. Dandaulo limafunanso lisiti, chinthu chimene pa kantemba ndi pamsika sichiperekedwa kawirikawiri, ndipo amene waitanitsa pa intaneti kuchokera kunja amapeza kuti mtengo wobwezera katunduyo ukuposa umene anagulira. Chimene chimatsala m'manja mwa wogula wa ku Kafue, kapena amene wakagula ku Kamwala mu Lusaka, ndi kuyesa asanalipire: kumasula mutu, kuikamo lezala latsopano, kumanganso osalikankha ndi chala, n'kuuyang'ana poyera kuti aone ngati msonga yatulukira mofanana mbali zonse ziwiri ndiponso ngati yalingana ndi kachitsulo kotchinga kuchokera kumapeto kufika kumapeto ena.