Zilembo zinayi, matchulidwe osiyanasiyana

Wina akandifunsa chifukwa chake Chingerezi chimavuta kuwerenga, ndimamulembera mawu awa: tough, cough, dough, though, through ndi bough. Onse amathera ndi o-u-g-h, koma pakamwa amatuluka mosiyana.

Tough amamveka ngati "taf", ndipo amanena za chinthu cholimba. Cough ndi "kof", kutsokomola. Dough ndi "dou", ufa wokandakanda wopangira buledi, ndipo though, kutanthauza "ngakhale", amathera mofanana naye. Through, kudutsa pakati pa chinthu, amathera ndi "u". Bough ndi "bau", nthambi yaikulu ya mtengo.

Chisokonezochi chili ndi mbiri yake. Kale gh ankatchulidwa kukhosi, ngati mmene anthu a ku Scotland amatchulira loch. Kuyambira m'zaka za m'ma 1400 mpaka cha m'ma 1700, katchulidwe kanasintha kwambiri. M'mawu ena gh anasanduka f, m'ena anangosiya kumveka, ndipo mavawelo nawonso anasintha. Pa nthawi yomweyi, William Caxton anatsegula malo osindikizira mabuku ku Westminster mu 1476, ndipo pang'onopang'ono osindikiza anakhazikitsa kalembedwe kamene kankatsatira matchulidwe akale.

Ku America, Noah Webster anayesa kufewetsa zina m'dikishonale yake ya mu 1828. N'chifukwa chake kumeneko pulawo amalemba plow, pomwe ku Britain amalemba plough.

Langizo langa n'lakuti mawu oterewa muziwaphunzira limodzilimodzi, powamvetsera kaye musanawatchule.